Chigone Tsiku Limodzi

Ine ndine Marlys, wowerenga mokweza.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa desiki yakutsogolo
m'Nyumba ya Malamulo ku Bismarck,
mawu a eni ake akudutsa pakhosi panga
ngati madzi mu paipi.

Kanyundo ka Sipikala, gu!
Pemphero. Kuitana maina:
alipo, alipo, wapepesa, alipo.
Chiwerengero chakwana.
Zolembedwa zadzulo, alipo wofuna kukonza? Zii.
Makalata ochokera kwa bwanamkubwa,
malipoti a makomiti,
bilu ya msonkho wa mafuta kuwerengedwa koyamba,
mutu wokha,
thupi lake akalisenda ku komiti.
Tsiku ndi tsiku makwerero omwewo,
osadumpha ndi limodzi lomwe.

Lachinayi lija kunja kunali mbee,
chipale chofewa chitakwirira magalimoto mpaka m'magalasi.
M'mwamba, pa mipando ya alendo,
panakhala mayi wa jekete yobiriwira,
magolovesi ali m'manja, osavala, osaika m'thumba.
Solveig Tveit wa ku Crosby, kufupi ndi malire a Canada.
Anadzuka kusanache, mlamu wake namuyendetsa maola anayi
kuti adzamve dzina la mwamuna wake
likutchulidwa m'chipinda chino.

Chikalata cha ulemu. Ndinaimirira.
Pakuti Arlen Tveit anayendetsa galimoto yokokolola chipale
zaka makumi atatu,
pakuti ankatsegula msewu basi ya sukulu isananyamuke,
pakuti mu Januwale mtima unamuimira ali pa chiwongolero,
injini ikali kulira...
Pa pakuti wachitatuyo mawu anga anaterereka.
Ndinamwa madzi, ndinamaliza.

Sipikala, maso ali pa pepala:
Malinga ndi malamulo a Nyumba ino,
chikalata chigone tsiku limodzi.
Gu!

Phungu wa kwawo, Kessel, mlimi wa tirigu,
amene sanathe ndi miyezi iwiri yomwe muno,
anadzambatuka, mpando n'kugwera kumbuyo.
Ndikupempha tiimike kaye lamulolo,
mayiyu akubwerera lero lomwe.
Pempho lotere limafuna awiri mwa atatu alionse.
Nyali pa bolodi zinayaka,
zobiriwira, zofiira, zobiriwira.
Ndinawerenga kawiri.
Anaperewera mavoti atatu.

Okanawo sanali ouma mtima.
Nkhalamba Dvorak anandipeza pothira khofi, nati:
ukatsegula chitseko lero chifukwa cha misozi,
mawa adzadutsitsirapo bilu ya mamiliyoni pakati pa usiku
popanda woiwerenga.
Ndinagwedeza mutu. Ndikuvomerabe mpaka lero.
Ndinaonapo ndi maso angawa
usiku umodzi wokha wogona pa pepala
ukuvumbula chiganizo chobisika pa tsamba lachisanu ndi chinayi
chimene chikanatseka chipatala chakumudzi.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikudziwa.

Koma ndinakweza maso.
Mayi uja anali kuvala magolovesi,
chala chimodzi, kenako china,
osafulumira, ngati akumvera lamulo lakelake.
Chitseko cham'mwamba sichilira potseka.

Lachisanu, itatha bilu ya malaisensi osodzera,
chikalata chinadzuka kutulo.
Onse ovomereza? Inde!
Okana? Zii.
Masekondi khumi ndi anayi.
Pa mipando ya alendo panali ana a sukulu
akutafuna chingamu, akuloza nyali za kudenga.

Ndinalemba m'buku: Chavomerezedwa.
Bukulo lili ndi mzere wa tsiku, wa nambala, wa mavoti.
Lilibe mzere wa jekete yobiriwira.

Madzulo, aphungu atapita,
wosesa akukoka makina ake pakati pa madesiki,
ndinadinda chidindo chagolide,
ndinalowetsa chikalata mu envelopu yaikulu kuti chisapindike.
Ndinatsegula kabuku ka malamulo,
tsamba ndi tsamba, mpaka kumapeto.
Za kalembedwe ka adiresi sikanenapo kanthu.
Ndiye ndinasiya kompyuta,
ndinatenga cholembera changa,
n'kulemba ndi dzanja.