Mbande za ku Golomoti

Zinakwera Khwekhwerere m'beseni la buluu,
zitafunda chiguduli chonyowa,
ine nditazifungatira kumbuyo kwa njinga ya kabaza.
Makumi awiri ndi zitatu.
Pelepetuwa anaziwerenga kawiri pozula,
pakamwa akudandaula za mbuzi yake yosowa,
maso ali pa mizu.
"Usakutumule dothi," anatero. "Zipite ndi la kwawo."

Ndinadikira dzuwa lipendeke.
Mbande siwokeredwa masana,
ngakhale kuno ku Bembeke
kumene dzuwa limatuluka ngati lobwereka.

A Nangozo anaima pampanda, manja kumbuyo.
"Mabilinganya? Kuno?
Kuno n'kwa kachewere ndi kabichi, mayi.
Izo zimafuna thukuta la kumunsi kwanu."
Ndinagwedeza mutu
ndi kukumba phando lina.

Mapazi awiri, phando. Mapazi awiri, phando.
Manyowa a m'khola dzanja limodzi,
owolerana, osati otentha aja a dzana.
Mbande kuiika mpaka m'khosi,
pomwe panalekeza dothi lakale,
ndi kutsindira ndi zala ziwiri
monga timatsindira bulangete
pa mwana amene wagona tili pakati pocheza.

Imodzi inathyoka.
Sindinaikoke ayi, inangoti thyo! m'manja.
Ndinaiyang'ana nthawi yoposa mtengo wake,
kenaka ndinaponyera nkhuku.

Mwandida anabwera ndi kheni yodontha,
theka la madzi litathera pa mapazi ake,
nafunsa ngati tidya mawa.

Mawa lakelo zonse zinali zitagwada,
masamba ali lende
ngati makutu a galu wokalipidwa.
Benedikito anadutsa ndi khasu paphewa:
"Ya kabaza ija bwenzi titagula sopo."
Sindinayankhe.
Ndinathyola tinthambi ta pichesi
ndi kuzika pambali pa iliyonse,
iliyonse kamthunzi kake.

Kugwada kumeneku ndimakudziwa.
Chaka changa choyamba pamudzi pano
milomo inasweka, zidendene zinachita ming'alu,
ndinkagona ndi juzi ya mwamuna pamwamba pa yanga,
ndipo potunga madzi ndinkachedwa dala
kuyang'ana kumene msewu umatsetserekera.
Anthu ankati mtengwa uyu ngwaulesi pakamwa.
Muzu ukamagwira sumveka.

Tsiku lachisanu, koma lopanda chisanu,
nkhungu isanachoke pa denga la khitchini,
ndinapita ndi chitenje kumutu kukawerenga.
Zitatu mphutsi inali itadula usiku,
pa tsinde penipeni, ngati ndi lezala.
Ndinafukula ndi chala mpaka ndinaipeza,
yonenepa, itadzipinda ngati yosalakwa.
Zotsalazo, khumi ndi zisanu ndi zinayi,
zinali chilili.
Pakati pa ina ya kumapeto kwa mzere
panali katsamba kobadwira kuno,
kaubweya, kamitsempha yofiirira,
kochepa ngati chikhadabo cha Mwandida.

A Nangozo anatsokomola kuseri kwa mpanda.
Anayang'ana mzere wonse osanena kanthu,
kenaka anati, "Amati zimawawa."
"Zimafuna nsinjiro," ndinatero.
"Zikabereka mudzandiitane,
ndidzaone kaphikidwe kake chabe."

Ndayala udzu wouma m'mapando monse
kuti chinyezi chisathawe ndi mphepo ya kuphiri.
Madzulo ano ndikwera pachulu paja
pamene foni imagwira,
ndimuuze Pelepetuwa nambala yake,
kenaka ndimufunse ngati mbuzi ija inabwera.