Mabatani a Bambo Abílio

Lachitatu usiku, wodi yachinayi, mumzinda wa Porto.
Nkhungu yakwera kuchokera kumtsinje wa Douro,
yatsamira pazenera.
Ine Deolinda, namwino wa odwala maganizo,
ndaima ndi kambale ka mapiritsi.

Bedi lakumapeto ndi la Bambo Abílio.
Chibadwire safuna kugwidwa paphewa,
sayang'ana munthu m'maso,
mawu awo ndi owerengeka ngati machesi otsalira m'bokosi.
Mlongo wawo Custódia anandiuza:
"Otizimu anabadwa nayo, tinazolowerana.
Kuiwalaku ndiye mbala yowapeza kuukalamba."

Ali ndi chitini cha mabatani.
M'mawa uliwonse ankawandandalika patebulo,
oyera uku, anyanga uko, abuluu pakati.
Dzina la mlongo linathawa,
nambala ya nyumba inathawa,
koma mzere wa mabatani sunakhotepo.

Kenaka anayamba kukuwa dzuwa likamalowa.
Dokotala analemba kapiritsi kachikasu.
Kukuwa kunatha, inde.
Wodi inangoti zii, tonse tinapumira m'mwamba.

Koma taonani manjawo,
akunjenjemera ngati chivundikiro cha ketulo yowira.
Dovu likutsikira pakolala,
khosi lauma gwa, mapazi akukwekwereza pansi.
Dzulo anadzandira popita kuchimbudzi, chipumi chatupa.
Batani akaligwira limapulumuka,
kugubuduka mpaka kunsi kwa bedi,
iwo n'kungoliperekeza ndi maso,
osadandaula n'komwe.

Bata ili si mtendere.

Ndalemba zonse m'buku:
nthawi, kuthamanga kwa magazi,
masupuni atatu a supu amene ameza,
yachinayi imene yawatsamwa.
Mawa Dokotala Valadares akafika
ndidzawatchingira njira ndi buku lomweli.
Ndidzati chepetsani mlingo,
kukuwako tiyambe takufunsa chimene kukufuna.
Mwina ndi dzino.
Mwina ndi getsi ili lolira ngati udzudzu.
Mwina wokolopa anasuntha chitini.

La usiku uno ndawapatsa,
poti kusiyitsa mwadzidzidzi nakonso kumaluma,
ndipo cholembera si changa.
Ameza, maso ali kukhoma.

Ndiye ndagwada pansi pozizira,
ndapisa mkono kunsi kwa bedi,
ndatola labuluu lija.
Ndaliika m'mphepete mwa tebulo, osati pamzere,
malo ake akuwadziwa ndi eni ake.

Chala chawo chanyamuka,
chikugwedera, chikugwedera,
chalikankha pang'ono.
Chaphonya.

Ndapinda manja kumbuyo kuti ndisathandize.
Belu la bedi lachiwiri likuitana.
Chala chabwereranso.