Mfuti ya Apongozi

Mfuti ya apongozi anga, a Hallam,
idasulidwa agogo awo asanamere mano.
Imagona m'bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma,
makiyi kwina, onga kwina,
ndipo wapolisi amabwera ndi kabuku
kudzaona ngati ikugonabe pomwe adaisiya.

Lamulungu lachiwiri la mwezi
timakwera nayo chitunda kuseri kwa Buxton,
kumgodi wakale wa miyala
kumene nkhosa zidazolowera phokoso
moti sizidzutsanso mutu.

Imadya mwaulemu, yosafuna phuma:
onga wa muyezo, osati wongoyerekeza ndi maso,
kampira ka mtovu kokanikiza mpaka kameteke m'mbali,
mafuta pakamwa pa bowo,
kachipewa ka mkuwa kumbuyo.
Kasanu n'kamodzi. Zala zachita kuuma ndi chisanu.

Akatambasula mkono,
dzanja lija limataya tiyi pamalaya m'mawa uliwonse
limaima nji.
Phuu!
Utsi woyera, wonenepa, umeza chandamale,
tidikire mphepo iyambe yasesa.
Papepala mabowo anayi.
Awiriwo alowa m'phiri.
"Maso," atero, osandiyang'ana.

Ntchito yeniyeni ili kukhitchini.
Bryony atsekula mawindo onse n'kuthawira kwa aneba,
akuti sadakwatiwe kuti azinunkhiza dzira losukusa.
Ketulo iwira. Nyuzipepala yadzana iyalidwa patebulo.
Gudumu la mabowo asanu n'limodzi lizulidwa,
mpope uviikidwa m'madzi otentha a sopo,
sinki ida bii.
Kuwomba kudali mphindi khumi,
kutsuka kutenga masana onse.
"Dzimbiri silidziwa Sabata," amatero,
"limayamba ntchito iwe ukuvula nsapato."

Lero sadakhale pampando wawo.
Andikankhira kamtengo kokulunga sanza,
ndi kachitsulo komasulira tizisikuluu
tomwe sadalolepo munthu kutikhudza.
Pamwamba pa firiji pali kalata ya dokotala wa maso,
yotsekula kale, yopindanso bwinobwino.
Chiphaso chawo chitha mu Malichi.
Sitikunena zimenezo.
Tikunena za mafuta: dontho limodzi, mkamwini, limodzi,
si nkhuku ukukazinga.

Ine, amene ndidakula ndikuoloka msewu
ndikaona mfuti paphewa la munthu,
ndikupukuta iyi ngati mwana wochoka m'bafa,
kuseri kwa makutu, m'mikwingwirima,
pachigwiriro pomwe manja a anthu osawadziwa
adadya mtengo mpaka kusalala.
Kaya idalozedwapo kwa yani, sinena,
nawonso akuti sadziwa.

Sanza yoyamba yatuluka yakuda.
Yachinayi, yotuwa.
Yachisanu n'chiwiri ndiwaonetsa,
aisendeza kufupi ndi mphuno, aitembenuza.
"Loza mpopewo kubabu," atero.
"Ukuona chiyani?"

Mizere yopota, yowala, yothamangira kukuunika.

Akhala chete nthawi yaitali.
Kunja kwayamba kamvula kaja kosatha.
"Bwerezanso kamodzi," atero,
"ndimve kulira kwa sanzayo."