Bawuti Limodzi Latsala

Ndinaipeza m'khola la mbuzi ku Pelhřimov,
kwa mayi wamasiye amene sanaicheukire n'komwe
pamene tinkaikankhira m'lole ya Květoslav.
Anati, "Tengani, ingondithera malo,"
koma ndalama anaziwerenga kawiri.

Njinga yamoto iyi inabadwa ine ndisanabadwe.
Dzimbiri linayamba kuidya kupaipi ya utsi,
makoswe analera ana pansi pa mpando,
m'thanki munatsala petulo wa zaka makumi anayi
wonunkha ngati vanishi.
Ndaikhazika pa kireti ya mowa m'garaji mwanga muno ku Tábor,
yopanda matayala,
ngati nkhalamba pabenchi la chipatala
kudikira kuti aitane dzina lake.

Ndikaweruka ku positi ofesi ndimavula tayi,
ndilowa m'ovololo yong'ambika pabondo.
Kunja chipale chofewa chikugwa osanena kanthu.
Zala zauma gwa, sipanala ikuluma ngati ayisi.
Nati imodzi inandikanira masiku asanu;
ndinaithira oyilo, ndinaiwotcha, ndinaitukwana,
tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinaipepesa,
inangoti tswii, n'kumasuka.

Kabuleta ndinatsuka m'parafini ndi mswachi wa Bohuslava,
wakale, ndikulumbira, wakale.
Lamlungu lina anapeza theka la injini mu uvuni
pamalo pamene pamayenera kukhala bakha.
Ndinafotokoza kuti chitsulo chikatentha chimatambasuka,
beringi imalowa yokha popanda hamala.
Iye anati, "Nanga chikazizira?"
Tinadya buledi ndi tchizi, zii.

Mabawuti ndimasunga m'mabotolo a jamu,
lililonse ndi kapepala kake.
Masipoko makumi atatu ndi asanu ndi imodzi
ndinawamanga, ndinamasula, ndinamanganso,
gudumu likugwedeza mutu kukana.
Pisitoni inachokera kwa mkulu wina wa ku Ostrava
amene sindinamuonepo nkhope;
phukusi linafika pakauntala panga pomwe,
ndinadzisayinira ndekha manja akunjenjemera.

Kumanzere kwa thanki kuli popindika, potalika ngati chikhatho.
Květoslav akuti tiwongole, pasaoneke.
Ndapagwiragwira usiku wonse.
Bondo la munthu linagunda apa,
pamsewu wina, chaka china,
mwina akuthamangira kwa mayi uja adakali mtsikana.
Penti yofiira ndapaka, katatu.
Popindikapo ndapasiya.

Epulo wafika, madenga akudontha.
Ndaitulutsa panja ngati wodwala wokaothera dzuwa.
Ndaponda kamodzi: zii.
Kachisanu: zii.
Kachikhumi ndi chiwiri yandibwezera, yandimenya kachitende,
ndakhala pansi kuwerenga nyenyezi masana.
Ndapukuta pulagi pamalaya.
Kachikhumi ndi chisanu ndi chiwiri
yatsokomola,
yaganiza,
yatsokomolanso,
kenako tho, tho-tho, thothothotho,
utsi wabuluu tolo mpaka pazovala za aneba,
njiwa zonse zabalalika padenga la tchalitchi.

Bohuslava waima pakhomo, zala m'makutu,
akuseka ndi mano onse.

Pobwerera kukazimitsa getsi m'garaji
ndaliona pathebulo, pakati pa mabotolo opanda kanthu:
bawuti limodzi, lalifupi, lopanda kapepala.
Ndazungulira njinga kanayi.
Ndagwada, ndaunika ndi tochi, ndagona chagada.
Palibe bowo lolilira.
Injini ikuyimba ngati siisowa kanthu.

Woti n'kumufunsa anagona kalekale ku Pelhřimov.

Bohuslava watuluka atavala chipewa chachitsulo
chimene sindikudziwa anachigula liti.
"Mpaka pamlatho pokha," akutero,
"ndipo pang'onopang'ono."
Wandigwira m'chiuno. Bondo langa lalowa ndendende popindika paja.
Tikutsika kumtsinje, magiya akukukuta mano,
bawuti lili m'thumba la malaya
likugundana ndi makiyi a nyumba,
ndipo ine khutu lili tcheru
kumvetsera chimene chingagwe.