Batala wa m'dambo la ku Roscommon

Fintan Geraghty ankadula dothi la m'dambo,
lakuda lija amaumitsa kwawo n'kusonkhera moto,
pamene fosholo yake inagunda kamgolo kamtengo.
Kuvundukula: batala, woyera ngati choko.
Analawako.
Mkazi wake sanamuyankhule mpaka madzulo.

Kwa ine kuno ku Belfast kunafika kachidutswa
kosadzaza n'chikhadabo chomwe,
ndi kakalata: "Mayi Dervla, ameneyu ndi wa liti?"

Tiyambire kumwamba, bambo Geraghty.
Cheza chochokera kutali, kuseri kwa nyenyezi,
chimamenya nayitrojeni, iye n'kusanduka
kaboni wolemererapo, wosakhazikika mtima.
Udzu umamumeza ndi mpweya.
Ng'ombe yadya udzu. Mkaka watsika.
Chamoyo chimangolandira, kutaya, kulandiranso,
ngati chitsime cha m'mbali mwa mtsinje.

Tsiku limene mayi wina anakama ng'ombe ija
khomo linatsekeka.
Kuyambira apo n'kuchepa kokhakokha:
zaka 5,730, theka lapita,
zinanso zotero, theka la thekalo.
Chisanu sichimuchedwetsa, moto sumufulumizitsa,
salandira chiphuphu.

Ndinatsuka kachidutswako kuchotsa za m'dambo,
ndinakatentha, mpweya wake
n'kuuumba kadontho ka makala.
Makina anawerenga maatomu usiku wonse
ine ndikumwa tiyi wozizira, msana ukuwawa.
Kutacha ndinakafunsa mitengo ya thundu,
imene mizere yake inasunga chaka ndi chaka,
poti thambo nalo linali ndi zaka zowolowa manja
ndi zaka zoumira.

Zaka zikwi ziwiri ndi mazana atatu.
Onjezani makumi anayi, kapena chotsani,
kupitirira apo ndikunamizani.

Pafoni panali zii. Galu ankauwa chapatali.
Kenako: "Nanga anamukwiriranji?
Ankabisira akuba? Inali nsembe?
Kapena anangoiwala malo, ngati ine ndi magalasi?"

Apo makina anga alibe pakamwa.
Sabata yatha anandiuza chaka chimene inafa njovu
ya mnyanga wogwidwa padoko,
mawa andiuza za njere zitatu za balere
zopserera m'phanga la ku Kerry.
Koma dzina la mayi uja, dzanja lake pabere la ng'ombe,
chimene chinamuletsa kubwerera,
zonsezo zilibe kaboni.

"Chabwino," anatero Fintan.
"Polemba lipoti lanulo
muikemo kuti munalibe mchere."