Mkanda wa Nambala Naini

Andikhazika mpando wakumbuyo, pafupi ndi khomo la kukhitchini,
pomwe anyamata a matayi akudutsa ndi matambula a vinyo.
Hotela ya mu Victoria Avenue yazizira ngati filiji ya m'butchala,
ndipo ine ndavala diresi ya mlamu wanga,
yothina m'khwapa.

Kutsogoloko, m'bokosi la galasi,
pa khosi la nsalu yakuda lopanda mutu,
wagona mkanda wanga.

M'kabuku konyezimira alembamo kuti:
rubi wa ku Chimwadzulu, golide, luso la manja.
Manja a yani, sanafuule.
Dzina langa lili m'munsi, tizilembo ngati mapazi a nyerere,
ndiponso alilakwitsa.
Ndine Felesiya Mtambalika.
Iwo alemba Ntambalike.

Mwala uwo ndinaudziwa usanasambe.
Anabwera nawo a Chidzanja, ataukulunga m'pepala la shuga,
dothi la ku Ntcheu likadali m'zikhadabo.
Ankafuna ya feteleza matumba awiri
ndi yokwerera basi.
Tinanenerera pakhonde mpaka dzuwa kupendeka,
ndipo ndinapambana ndine.
Manyazi ake andipeza lero.

Miyezi inayi ku Chilomoni, kuseri kwa telala,
ndikujambula, ndikufufuta,
mpaka tsiku lina mvula itakata
ndinaona madontho atandandalika pa waya woyanikira zovala,
limodzi lalikulu pakati, likukana kugwa.
Ndinati: ndi umenewu.
Zina zonse zinali tupa, mbaniro ndi lawi,
msana kuwawa, maso kuchita chidima.

Kokolowekera kumbuyoko
ndinakalumikiza magetsi atathima,
mwana wanga Tiyese atagwira tochi ya foni,
akusinza, kuwala kukuyendayenda.
Kanapendekeka pang'ono.
M'chipinda chonse chino
ndine ndekha ndikudziwa.

Wotsatsa malonda wayamba.
Lilime lake ndi lomwe lija la ku okushoni ya fodya ku Limbe,
komwe bambo anga ankaima, chipewa m'manja,
azungu akudutsa mabelo awo osacheuka.
Koma pano pali kapeti.
Pano sakuwa, amangokweza kakhadi
ngati akuingitsa ntchentche.

Mamiliyoni atatu.
Anayi.
Bambo wa mimba yotsogola wakodola ndi nsidze.
Mtsikana wa foni kukhutu akunong'oneza munthu wa ku Joni,
munthu amene sanaugwirepo mkandawo,
sadziwa kuti umatentha ukakhalitsa pakhungu.
Asanu ndi limodzi.
Ndayamba kuwerengera m'matumba a feteleza,
ndasokonezeka pa makumi atatu.

Mtima ukuti dzuka, uwauze:
pindani ndi chala kumbuyoko, muona pokhota,
pamenepo ndi pomwe panali tulo ta mwana wanga.
Miyendo yakana.

Kamodzi. Kawiri.
Nyundo yagwa,
kanyundo kamtengo koti sikangakhome ndi msomali womwe.
M'manja mwawombedwa mwaulemu, mopanda nthungululu.
Wa ku Joni uja watenga.
Akuti ukagona m'sefa ya ku banki,
mumdima, wopanda khosi.

Mayi wina wonunkhira wandigwira paphewa,
wandifunsa njira ya kuchimbudzi.
Ndamulozera.

Gawo langa libwera pakatha masabata asanu,
akachotsa za hotela, za kabuku, za vinyo amene sindinamwe.
Lidzakwana lendi, fizi ya Tiyese, golide wina pang'ono.
Lidzatsalanso lokwerera basi ya ku Ntcheu,
ngati ndidzalimbe mtima
kukafunsa kwa a Chidzanja.

Panja kwatentha ngati kale.
Ndavula nsapato za mlamu, ndavala zanga za m'jumbo.
Pa siteji kondakitala akukuwa, Chilomoni mmodzi, mmodzi yekha!
Ndapanikizika pakati pa thumba la makala ndi mayi wa tomato.
Potambasula dzanja kupereka ndalama
ndaona chipsera cha lawi pa chala chachikulu,
ndi kafumbi kachikasu m'chikhadabo,
koti sopo wakalephera.
Kondakitala sanaone.
Wangoti chenji mulandira kutsogolo.