Chiboo cha Pakhoma

Bokosi linafika pa basi ya usiku mu Okutobala,
mwezi umene malata amathetheka ngati chimanga m'chiwaya
ndipo phiri la Kanjala limavina m'maso ndi kutentha.
Pamwamba pake Tikambenji analemba ndi inki yofiira:
Amama, muzigonako tsopano.

Yotamu wamagetsi anabwera ndi makwerero pa njinga.
Anagogoda khoma la kuchipinda, natchera khutu
monga namwino pachifuwa cha mwana.
Tibowola apa, iye anatero. Koma osati lero.
Mawaya a m'nyumba muno ndi aakulu kwa ine,
ndipo khoma la munthu sindilikhudza popanda pepala.

Ndinatsika Kalongwezi ndi ambulera, kupita kukhonsolo.
Pawindo lachitatu mnyamata wa tayi yobiriwira,
amene mwina ndinamuphunzitsa kuchotsera mu giredi folo,
ankadzikupiza ndi fomu yanga yomwe,
fani ya kudenga itaima chilili ngati kangaude wakufa.
Anafuna pulani ya nyumba, setifiketi ya Yotamu,
lisiti la msonkho wa malo.
Anafunsa kuti makinawo akamatuluka thukuta
madzi ake azidontha pabwalo la yani.
Zonse ndinayankha.
Kenaka anaika chala pamzere wapansi:
apa asaine mwini nyumba.

Mwini nyumba ndinu, Filimoni.
Zaka zisanu ndi zitatu muli chigonere kumanda,
koma m'mabuku awo mukadali moyo, mukulipira msonkho,
ndipo ine ndine mlendo wosesa pakhomo panu.

Kalata ya imfa yanu ndinaipeza m'sutikesi,
pansi pa matayi, itadyedwa ngodya ndi njenjete.
Anati ikadindidwe. Ndinakadinditsa.
Anati wodinda wina ali pa tchuthi. Ndinadikira.
Mvula inagwa, mango anapsa, anatha.
Bokosi linakhala pabalaza mpaka linasanduka tebulo,
ndinaliyalira kansalu koluka,
wailesi pamwamba, ndi botolo la mankhwala a magazi.
Azimayi a chigwirizano ankaikapo makapu
osadziwa kuti pansi pa tiyi wawo pagona mphepo.

Mu Epulo woyendera anafika ndi tepi.
Anayeza kuchoka pazenera kufika kumpanda wa a Nyau,
analemba, anafufuta, analembanso.
Asanapite anasisita khoma ndi chikhatho.
Njerwa izi anawotcha ndani? Zamakono sizitere.
Sindinamuuze kuti tinaumba awiri kudambo la Lunkhwakwa,
ine ndili ndi pakati pa Tikambenji,
inu mukuwerenga mokweza, kulakwitsa dala kuti ndiseke.

Chidindo chinatuluka mu Juni,
ndikugona ndi masokosi ndi mabulangete awiri.
Ndinaseka ndekha pamasitepe a khonsolo
mpaka wogulitsa nthochi anandiyang'ana.

Tsiku lobowola ndinaima pakhomo la chipinda.
Chitsulo chinalira, khoma linakana, kenaka linalola.
Fumbi lofiira linatsika pang'onopang'ono pa simenti,
ndipo kuwala kunalowa poboolapo, kozungulira ngati ndalama.
Chilolezo cha khonsolo chinali m'manja mwanga,
chanu sindinadziwe kokachitenga.
Ndinawola fumbilo ndi chikhatho
n'kuliika m'kabotolo kotha mafuta odzola.
Yotamu anaona, nayang'ana kumbali.

Pochoka anandipatsa kotsegulira, nandisonyeza
kabatani kojambulidwa dzuwa.
Amama, sikuti amangoziziritsa ayi. Dinani apa.

Usiku umenewo mpweya wofunda
unatsika pakhoma lanu, unandipeza kumsana,
mbali yomwe ija munkagona.
Sindinatembenuke.

Magetsi anathima cha m'ma thu koloko.
Ndinakhala maso mumdima, kumvetsera
agalu a ku Kapata akuyankhana,
chipinda chikuzizira pang'onopang'ono
monga chinachitira chaka chija.